Mbali yachiwiri ya kaseti ya mpira

Mkazi wanga sanasiye chithunzi. Zaka zimene zija wojambula zithunzi ankafika kwathu pa Khirisimasi pokha, ndipo ife tinkangoti tidzajambulitsa nyumba ya njerwa ikadzatha. Anamwalira njerwazo zisanaotchedwe. Chimene anasiya, kupatula mwana wamkazi ndi zitenje zitatu, anali mawu ake pa kaseti ya mpira, mawu osakwana mphindi ziwiri. Kasetiyo ndikadali nayo m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi, ndipo munthu akayamba kundiuza kuti mpira wakale ndiye unali wokoma, ndimalakalaka nditamugenda nacho chitinicho.

Timu yake sinditchula dzina. Nayonso sinatchulepo langa. Ndinayamba kuikonda tili kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, kumene mwamuna wamphamvu zake ankadzuka m'mawa wopanda munda woti apiteko. Lachiwiri ndi Lachisanu zinali chimodzimodzi: mzere wa ufa, mzere wa madzi, kenako kukhala. Loweruka lokha ndilo linkasiyana, chifukwa masana ake kunali mpira pawailesi. Mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, anali ndi kawailesi kakang'ono ka m'chikwama chachikopa, ndipo tinkakaunjirira ngati nkhuku pa gaga. Osewerawo sitinawaonepo ndi maso ngakhale tsiku limodzi, koma tinkawadziwa kuposa abale athu. Tinkadziwa wa mwendo wamanzere woopsa, tinkadziwa wosachedwa kupsa mtima, tinkadziwa goloboyi amene amagwira zovuta n'kumataya zophweka. Kunja kwa msasa ankatitcha othawa, ndipo paliponse ankafuna khadi. Timu yokha ndiyo inatilandira osafunsa kuti kwanu n'kuti, ndipo ine, kupusa kwangaku, ndinayesa kuti chimenecho n'chikondi.

Mtendere utabwera anatikweza m'malole n'kutitsitsa ku Milange. Mudzi wa kwawo kwa mkazi wanga, kumene ndinali mkamwini, tinaupeza uli tchire lokhalokha. Mitengo ya mango ndiyo inkatiuza kuti apa panali pa auje, apo panali pa auje. Tinamanga zisakasa, tinaswa mphanje, tinayamba kuumba njerwa. Amene sanathawe ankatiyang'ana cham'mbali n'kumatitcha Amalawi, ife amene zaka zonsezo ku Malawi tinali Amozambiki. Iwo ankatsata matimu a ku Maputo ndi a ku Ulaya m'Chipwitikizi. Ife tinakakamira yathu ija, mwina chifukwa cha mwano womwewo.

Ntchito yathu inali njinga. Tinali atatu: ine, mlamu wanga uja, ndi bambo wina woyandikana nafe nyumba, wopanda mano akutsogolo, amene tonse tinkangomutcha aneba. Ogula chimanga ankafika pamalire Lolemba m'mawa, choncho Loweruka tinkalawirira kumidzi ya cha ku Mongue kukatenga matumba, n'kubwerako dzuwa likulowa. Nthawi imene mpira ukuyamba, ife tinkakhala tikukankha njinga pachitunda, kuseri kwa mapiri kumene kawailesi kankangolira ngati mafuta pachiwaya. Mpira wa chaka chonse unkatidutsa.

Amene anapeza nzeru ndi mkazi wanga, munthu wosadziwa n'komwe kuti timu imakhala ndi anthu angati. Tinali ndi wailesi yaikulu yakaseti imene inagwa m'lole pobwera. Mbali yake ya wailesi inafa, koma kuimba ndi kujambula inkatha. Tinalinso ndi kaseti imodzi, ya nyimbo za kwaya yakumsasa. Iye anang'amba timapepala pa khadi yathu yakale ya ufa, anatipinda n'kutseka timabowo tiwiri ta pamwamba pa kasetiyo, ndipo batani lofiira lojambulira, limene kale linkakana, linalowa. Anaika kawailesi kakang'ono kutsogolo kwa wailesi yaikuluyo, n'kunena kuti, "Pitani ku chimanga chanucho. Mpira mudzaupeza." Ndi msomali anakanda mzere umodzi mbali yoyamba ya kasetiyo, mizere iwiri mbali yachiwiri, kuti asamasokoneze. Sabata iliyonse mpira watsopano unkafufuta wakale.

Kuyambira pamenepo Loweruka lathu linasamukira Lamulungu. Tinaika lamulo lakuti pasapezeke womva zotsatira. Pobwerera ndi matumba tinkalambalala msika, ndipo tikaona munthu wa wailesi paphewa tinkaimba mabelu a njinga zonse zitatu mpaka timudutse. Kutchalitchi tinkakhala kumbuyo n'kutuluka anthu asanayambe kupatsana moni. Aneba nthawi ina anatseka makutu ndi thonje, ulaliki wonse osamva, ndipo anati sanaone kusiyana. Masana tinkakhala pakhonde panga, mabatire ali atsopano, n'kumvera mpira wadzulo ngati ukuchitika pompo. Mabatirewo ndinkagula Lolemba lililonse pamalire, ndisanagule china chilichonse.

Mukanationa pakhondepo mukanati tapenga. Tinkalangiza osewera, tinkatukwana oyimbira, tinkagwirana mawondo penate ikamamenyedwa, pamene anthuwo anali atasamba kale dzulo, kudya n'kugona. Mlamu wanga anavomera yekha kuti m'mawa mwake, pa pemphero la chamumtima, ankapempherera timu, ndipo titamufunsa kuti Mulungu angasinthe bwanji mpira wotha kale, anati Iyeyo alibe dzulo. Zaka zimenezo ndimazikumbukira ndi mpira. Mukandifunsa kuti sukulu ya m'mudzi anaifolera liti, ndikuuzani kuti ndi chaka chimene tinathera pachinayi. Mlatho wa kumtsinje anaukonza chaka chimene goloboyi anathyoka dzanja. Njerwa zanga zinkafuna masiku atatu a amuna atatu kuti ziotchedwe, ndipo mkazi wanga akakumbutsa ndinkati ligi ithe kaye. Ligi ikatha kunkabwera mvula, mvula ikatha kunkabwera ligi ina.

Pakhomo pathu mkazi wanga yekha ndiye ankadziwa mathero, ndipo ankadziwa kutizunza nawo. Ankatha kutiikira chakudya n'kunena nkhope ili gwa, "Idyeranitu, mwina pambuyo pake simufuna." Tinkadya mitima ili m'mwamba, kenako n'kupeza kuti tinapambana ndi zigoli zitatu. Komanso kaseti ija inali ya mphindi 90, mbali iliyonse 45, ndendende ngati mpira. Mphindi zoonjezera za oyimbira sizinkalowa. Kaseti inkangoti khethe woulutsa ali pakati pa mawu, ndipo amuna atatu tinkatembenukira kwa mayi wosasiyanitsa kona ndi penate.

"Ndiye zinatha bwanji, alamu?" aneba ankamufunsa.

"Uja mumati wamanzere uja anathamanga, anthu anakuwa kwambiri, kenako bambo wa m'wailesiyo anati pepani."

"Pepani kwa ndani? Kwa ife kapena kwa iwo?"

"Kaya. Ine ndinapita kukaona nyemba pamoto."

Ankadziwa bwinobwino. Tsiku lina anakana kunena mpaka titamutungira madzi, ndipo amuna atatu andevu zathu tinapita kuchitsime ndi ndowa panjinga, amayi a m'mudzi akutiseka. Titabwerako anati palibe chinachitika, mpira unatha momwe tinausiyira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinkadana nacho. Wailesi yaikuluyo inkajambula chilichonse cha m'nyumba: nkhuku, chitseko, musi mumtondo. Chaka choyamba mkazi wanga ankaimba, ankakalipira mbuzi, ankacheza ndi mng'ono wake pakhomo, zonsezo pamwamba pa mpira wanga. Ndinamukalipira pamaso pa anzanga. Ndinati mpira wa anthu mwausandutsa msika, kodi simungatseke pakamwa kwa ola limodzi ndi theka? Kuyambira tsiku limenelo ankadina batani n'kunyamula ntchito zake kupita pansi pa mango, kumangobwera kudzatembenuza kaseti ndi kudzamvera mathero. Zaka ziwiri zotsatira ndinkamvera kaseti yoyera, yopanda mkazi wanga, n'kumanyadira kuti tsopano zinthu zalongosoka.

Loweruka lomaliza limene anajambula, anaphwanya lamulo langalo. Mbali yachiwiri, patapita mphindi ngati khumi, wosewera wina anavulala ndipo woulutsa ankangobwebweta zodikirira. Pamenepo pankamveka chitseko, mapazi, ndi kulira kwa mwana wathu, amene nthawiyo anali atangoyamba kuyenda. Kenako mawu a mayi wake, otsika, akumunyengerera.

"Tonthola mayi, tonthola, abambo ako angatikalipire. Ukuwamva awo? Ndi abale awo a abambo ako, akulimbirana chikopa. Iwe ukadzakula usadzakwatiwe ndi wa mpira, wamva? Udzapeze wa nyemba."

Anaseka yekha, kaseko kake kaja kotulukira m'mphuno. Kenako anayandikira pafupi penipeni ndi wailesi, mawu n'kukula ngati ali pakhutu panga.

"Inu abambo, ndikudziwa mukumva, pakuti muno mokha ndimo mumamva. Mchere watha. Musadzati sindinanene."

Lamulungu lake mlamu wanga ndi aneba anaseka mpaka misozi. Ine sindinaseke, chifukwa nthawi yomweyo mpira unali utayambanso ndipo sindinamve amene analowa m'malo mwa wovulalayo. Mkazi wanga anali chilili pakhomo akundiyang'ana, kudikira kuti mwina ndimwetulirako. Ndinakweza wailesi.

Lachitatu anadandaula mutu. Lachinayi thupi linatentha. Chipatala chapafupi nthawi imeneyo chinali makoma okhaokha, denga anali asanaikenso, choncho Lachisanu ndinamukweza panjinga, mlamu wanga akumugwirira, n'kuwoloka malire. Anamwalira Loweruka masana. Ndinatuluka panja osadziwa kolowera, ndipo pageti mlonda anali ndi wailesi. Ndinena chifukwa ndatopa n'kuchibisa: mkazi wanga asanazizire n'komwe, khutu langa linatola kuti tikutsogola chimodzi kwa duu, ndipo penapake m'kati mwanga kanthu kanakondwa. Munthu wotere mungamutche chiyani?

Maliro atatha, mwana anatengedwa ndi mng'ono wake wa malemu, monga mwa mwambo wathu. Ine ndinatsala m'chisakasa ndi njinga, mawailesi awiri, ndi mulu wa njerwa zosaotcha zimene mvula yoyamba inayamba kuzisungunula. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkaika kaseti ija, mizere iwiri itayang'ana kunja, n'kumvera chitseko, mapazi, mwana, mchere. Ndikatha ndinkaitulutsa n'kuibweza m'mbuyo ndi bolopeni, posunga mabatire, mpaka pamalo pomwe chitseko chimatsegukira. Ndinafika powazindikira malowo ndi maso, poona kukhuthala kwa tepi pagudumu. Ndinkaisiya ili yokonzeka, kuti mawa ndikangodina alowe. Timapepala ta m'mabowo tija ndinaganizapo zotichotsa kuti batani lofiira lisadzalowenso. Ndinatisiya chifukwa zinali zala zake zimene zinatipinda.

Masabata asanu ndi awiri sitinajambule mpira. Lamulo lija linatha lokha, zotsatira tinkangomva kwa anthu pamalire. Ndiye taonani nkhanza za mpira: chaka chimenecho, mwa zaka zonse, timu yathu inayamba kupambana motsatizana. Kuchokera kumsasa tinali tisanaimvepo ikutenga ligi. Inafika pamasewera omaliza ikungofunika kupambana basi.

Lachinayi mlamu wanga ndi aneba anabwera n'kukhala pakhonde. Anayamba ndi za mvula, za mbewu, za mwana. Kenako mlamu wanga, amene chibwerereni kwathu ankanditcha kunyado, monga Apwitikizi amatchulira mlamu, anakanda kumutu.

"Kunyado, chisoni tili nacho tonse, ujanso anali mlongo wanga. Koma jogo ya Loweruka likudzali, mpira womaliza uja, mukuidziwa."

"Kaseti iyi ayi," ndinatero.

"Palibe wanena za imeneyo. Mukagule ina ku Muloza. Matumba anu tinyamula ife, inu mutsale mujambule. Lamulungu tikhale pano ngati kale. Mwina mtima ungatsikeko."

Aneba anawonjezera kuti malemu akanakhalapo sakanalola kuti mpira wotere utipite. Bodza limenelo ndinalilandira ndi manja awiri, chifukwa ndinkalifuna. Lachisanu ndinawoloka n'kugula kaseti yatsopano ili m'pulasitiki mwake, yofanana mtundu ndi yakale ija. Nambala ya pakona sindinaiyang'ane. Zaka zitatu za mpira wapakaseti, ine ndinali ndisanajambulepo ngakhale kamodzi, ndipo sindinkadziwa kuti makaseti amasiyana kutalika.

Loweruka ndinathamangitsa nkhuku, ndinatseka chitseko, ndinaika kawailesi pamalo pake. Kaseti ya mkazi wanga ndinaitulutsa n'kuiika pampando pambali panga. Mpira utayamba ndinadina lofiira. Patangotha theka la ola, khethe. Ndinayesa wailesi yafa. Ndinatulutsa kaseti, ndipo m'pamene ndinaona 60 pakona. Ndinaitembenuza msangamsanga. Pa nthawi yopuma ndinaimitsa kuti ndisunge tepi, n'kuwerengera zala, ndipo zala zinandiuza zoona: ithera pakati pa chigawo chachiwiri. Ndinali ndi mphindi khumi ndi zisanu zoti ndiganize chochita. Ndinazithera kumvera woulutsa akufotokoza amene akusewera bwino.

Inatheradi, kutatsala theka la ola, palibe wagoletsa, ife tikukamenya kona yachitatu motsatizana, bwalo lonse likuwira m'kawailesi. Mwana wa sukulu akanadziwa chochita: kutembenuzanso kaseti yatsopanoyo n'kujambula pamwamba pa theka la ola loyamba lija, mmene munalibe chigoli, munalibe kanthu. Kapena kungokhala pansi, kumvera, mawa n'kuwafotokozera anzanga pakamwa monga ankachitira mkazi wanga. Koma ine ndinkaufuna wonse. Mpira wotenga ligi, woyamba m'moyo wanga, ndinkafuna ukhale wanga kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza, osasowa mphindi. M'mutu munadutsa ganizo lakuti mbali yoyamba ya kaseti yakale ilibe mawu ake, ndijambula kumeneko. Dzanja silinamve zimenezo. Linaika kasetiyo momwe linkaiikira tsiku ndi tsiku kwa masabata asanu ndi awiri, ndipo batani lofiira linalowa mosavuta.

Chigoli chinabwera kutatsala mphindi zinayi. Wamanzere uja, yemwe uja. Ndinakuwa, ndinagunda mutu kudenga la chisakasa, ndinatsegula chitseko n'kuthamanga kuzungulira mulu wa njerwa. Amayi amene ankasenda chinangwa pansi pa mango anasiya mipeni n'kundiyang'ana, wamasiye wa masabata asanu ndi awiri akuvina. Pakati pawo panali mng'ono wake wa malemu, mwana wanga ali kumsana. Ndinabwerera m'nyumba kukamvera zotsalazo nditagwada. Oyimbira atathetsa mpira ndinaimitsa wailesi, ndinatulutsa kaseti kuti ndiipsompsone, ndipo ndinaona mizere iwiri ya msomali.

Ndinaibweza ndi bolopeni mpaka pamalo paja. Ndinkadziwa kale, komabe ndinadina. Panalibe chitseko. Panali woulutsa, phokoso la bwalo, ndi mwamuna wina akupumira m'mwamba pafupi ndi wailesi, akunong'ona kuti menya, menya, menya iwe. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka mabatire anayamba kukoka mawu.

Lamulungu anzanga anabwera atavala malaya akutchalitchi, asanamve kanthu. Ndinawaikira yatsopano ija, mbali zonse ziwiri. Itatha ndinatenga yakale. Mlamu wanga anaiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine.

"Kunyado, imeneyi si ija?"

"Ndi yomweyo."

"Mbali yake iti?"

Ndinamuonetsa mizere, n'kuiika m'wailesi. Anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo woulutsa anakweza mawu pa kona ija, ndipo ndinaona mutu wa mlamu wanga ukupendekera kuwailesi pang'onopang'ono, wokha. Chigoli chitalowa analumpha onse awiri, ndipo mlamu wanga anandikumbatira akulira. Mpaka lero sindidziwa ngati ankalirira mlongo wake kapena ligi, ndipo ndikukayika ngati iye mwini ankadziwa. Aneba, asanapukute n'komwe thukuta, anapempha kubwereka kasetiyo kuti akawamvetse abale awo kumudzi kwawo. Inayenda midzi ingapo chaka chimenecho. Ankaitcha kaseti ya ligi, ndipo anthu akandiona pamsewu ankati awo ndi bambo aja anajambula bwino aja.

Timuyo sinadziwe kanthu, ndipo ikanadziwa sikanasamala. Wamanzere uja chaka chotsatira anapita kumene kunali malipiro abwino. Ena anakalamba, ena anamwalira, kunabwera ana amene sindinathe kusunga maina awo. Inagwa, inadzuka, inagwanso. Ine akuchikazi anandisudzula, ndinasamukira kutauni, ndinakwatiranso, njinga ndinasiya mawondo atakana. Ndikanakonda kulemba kuti mpira ndinausiya tsiku lomwelo. Sindinausiye. Loweruka masana mudzandipeza ndi wailesi pakhutu ndikutukwana oyimbira, ndipo ndimadzida ndikamatero. Amene amaonera matimu a ku Ulaya pakanema kumsika amandiitana kuti, madala, tatiuzani za nthawi ya makaseti, akuti munkamvera mpira wadzulo. Amaseka, amati zinali zokoma. Ndimawauza kuti unali umphawi basi, n'kudutsa.

Mwana wanga anakulira kwa amayi ake aang'ono. Sindinamuuzepo za kasetiyi, koma m'mudzi anthu amayankhula. Chaka chatha anafika kunyumba kwanga masana, nayenso ali ndi wake kumsana. Anakana mpando, anakhala pamphasa.

"Ababa, amayi aang'ono akuti muli ndi mawu a amayi anga."

"Analipo," ndinatero.

"Akuti munajambulapo mpira. Ine sindinabwere kudzakuimbani mlandu. Ndikungofuna ndimve chimene chinatsala."

Wailesi yaikulu ija inafa kalekale. Tinapita kumsika kwa bambo wina wokonza mawailesi, amene anafukula yakale pansi pa tebulo, anaipukuta fumbi n'kutibwereka. Titafika kunyumba ndinafuna kuthamangitsa tepi mpaka chakumapeto, koma iye anakana, anati tiyambire pomwe panali mawuwo. Choncho mwana wanga anakhala theka la ola ndi mphindi zitatu akumvera bambo ake akunong'oneza anthu osawadziwa kuti menya, akumvera bambo ake akukuwa, chitseko chikumenyeka, mapazi akuthamangira panja. Sanandiyang'ane. Ankangogwedeza mwana wake.

Wezulo yomaliza ikalira pamamveka kugunda kwa batani, kenako mpira wina, wakale, wa Loweruka lija, umatulukira pansi pake. Zinatsala mphindi ziwiri zokha. Woulutsa ndi yemweyo, koma tsiku ndi lina. Nkhuku ikulira chapatali. Kenako mapazi opanda nsapato akulowa, chifukwa inali nthawi yake yobwera kudzamvera mathero oti adzatiuze. Mphasa ikulira pokhalapo munthu. Kamwana kakung'ung'udza. Ndiyeno munthu akukoka mpweya, monga amachitira wofuna kuyankhula, ndipo tepi imathera pomwepo.

"Ndi iwowo?" anafunsa.

"Ndi iwowo. Kamwanako ndiwe."

Anandipempha kubwereza. Ndinabwereza kanayi. Kenako anati ndimuuze mawu amene anafufutikawo, ndipo ndinamuuza onse, chifukwa palibe ngakhale limodzi limene ndinaiwala: tonthola mayi, abale awo a abambo ako, wa nyemba, mchere. M'kamwa mwanga ankatuluka ouma, ngati ndikuwerenga kalata ya boma. Kaseko kaja ndinayesa, kanandikanika. Pa za wa nyemba anamwetulira pang'ono, pakuti mwamuna wake amalimadi nyemba ndi nandolo, ndipo mpira alibe nawo ntchito.

Anayang'ana kasetiyo. Kenako anamanga bwino mwana kumsana, anaimirira, ndipo ali pakhomo anatembenuka.

"Nanga mcherewo munagula, ababa?"

Ndikanatha kunama, panalibe wotsutsa. Koma Lolemba lija ndimalikumbuka bwino, ndi sitolo yake yomwe, ndi chimene ndinabwera nacho m'thumba la malaya.

"Ndinagula mabatire," ndinatero.